Ndingalangize bwanji munthu m'Chingerezi osaoneka ngati ndikulamula?

Wobisa dzina: Abale anga, mtima uli m'mwamba. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds. Dzulo abwana andiitana n'kundiuza kuti kayankhulidwe kanga n'kolamula, chonsecho ine ndimangopereka maganizo. Ku Johannesburg ndinagwira ntchito nthawi yaitali, palibe anadandaulapo. Lendi nayo yakwera, mnzanga wokhala naye nyumba amandithera ufa osagulako wake, achimwene kumudzi chitumizireni ndalama ya malata sakuyankhanso foni. Tulo sindikuona. Ndiziyankhula bwanji?

Make Tadala: Pepani achemwali. Koma munanena mawu oti chiyani? Ndipo munauza ndani, agogowo, ana awo kapena anzanu a pantchito?

Aphunzitsi Opuma: VUTO NDI MAZIKO! Mumathamangira kunja galamala musanaigwire. "Advice" ndi dzina, "advise" ndi mneni. Kulibe "an advice", kulibenso "advices", timati "a piece of advice". Ndipo "I suggest you to go" ndi zolakwika, nenani "I suggest that you go". Ife izi tinkaphunzitsa ndi choko ndi bolodi basi, ana n'kumakhoza MSCE.

Wa ku Randburg: Aphunzitsi, apa galamala ikulowa pati? Mayiwa achokera ku Joni. Kuno "you must" ndi mawu a tsiku ndi tsiku, anatengera "moet" wa Chiafirikana, salemera n'komwe. Mukapita nawo ku England amamveka ngati lamulo. Ndikuganiza kuti mwagwa nawo pamenepo.

Aphunzitsi Opuma: NDIYE CHINGEREZI CHA PAMSEWU CHIMENECHO! Wophunzira amati "you had better".

Namwino ku Manchester: Ayi bambo, musawaphetse. "You had better" ndi chenjezo, ngati mukuti ukapanda kutero uona. Mnzathu wina anauza mwana wa wodwala choncho, nkhani inakafika ku ofesi. Achemwali, yesani kufunsa m'malo mouza: "Why don't we try...?", "How about sitting by the window?", "Have you thought about...?" Kwa abwana ine ndimati "It might be worth...". Ngakhale "you should" kwa agogo amauma, pokhapokha mutayamba ndi "I think" kapena "maybe".

Che Bwanali: Za malatazo musazitaye. Ine mlamu wanga anadya ndalama ya nyumba yonse, ndinakapeza njerwa zitamera udzu. Muzilipira kusitolo mwachindunji, wachibale azingokatenga katundu.

Mtsikana wa ku Ndirande: Ufawo muziugoneka kunsi kwa bedi 😂 Komanso kuntchito kwanuko sakufuna anthu ena?

Aphunzitsi Opuma: Anamwino, mwaiwala "If I were you, I would..." Ndipo ndi WERE, osati WAS! Ndaphunzitsa anthu amene lero ndi mabwana, musanditsutse pagulu.

Namwino ku Manchester: Amenewo ndi a anzanu a msinkhu umodzi. Gogo wa zaka 90 ungamuuze kuti ndikanakhala inu?

Wobisa dzina: Zikomo nonse. A Che Bwanali, vuto ndi loti mayi akuikira kumbuyo achimwenewo, akuti ndisachititse manyazi banja. Mvula nayo yayandikira.

Aphunzitsi Opuma: "A Che" sizigwirizana, sankhani chimodzi. NGAKHALE CHICHEWA CHIKUKUVUTANI!