Modemu za 56K zikungolumikizana pa 33.6, ndipo akutali sakufika pa makompyuta ena

Wofunsa:
Akuluakulu, ndikupempha thandizo kwa amene munagwirapo ntchito yolumikiza makompyuta kudzera pa foni ya mawaya. Ndili ndi seva ya Linux imene ndaikamo mgetty (pulogalamu yoyankha foni zobwera pa modemu) ndi pppd (pulogalamu yolumikiza woimbayo ku seva kudzera pa PPP), ndipo ndalumikizako modemu ziwiri zakunja, ina pa doko la ttyS0 ina pa doko la ttyS1, iliyonse ndi nambala ya foni yakeyake. Anzathu amene amagwirira ntchito kutali amaimba kuchokera pa makompyuta a Windows kuti atenge mafayilo. Pabokosi la modemu zonsezi palembedwa 56K, koma liwiro silinapitirirepo 33.6 kbps. Chachiwiri, akalumikizana amatha kuchita ping (kuyesa ngati makina akuyankha) ku seva, koma makompyuta ena a mu netiweki yathu amangokhala chete. Komanso nthawi zina foni imangoitana osayankhidwa, mpaka Windows imaonetsa error 678. Kodi ndalakwitsa pati?

Woyankha woyamba:
Pa nkhani ya liwiroyo musadzivutitse, chifukwa palibe chimene mwalakwitsa, ndipo ngakhale mutagula modemu zina zodula zinthu sizisintha. Muyezo wa V.90, umene ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni, inavomereza mu 1998, umafika pa 56 kbps pokhapokha mbali yolandirayo italumikizidwa ku kampani ya mafoni ndi laini ya digito, monga ISDN kapena E1, ngati mmene makampani opereka intaneti ankachitira. Inu mbali zonse ziwiri muli ndi laini wamba, choncho modemuzo zimagwirizana pa muyezo wa V.34, ndipo malire ake ndi 33.6 yomwe mukuionayo. Kunena zoona, kufika pa 33.6 ndi umboni wakuti mawaya anu ali bwino, pakuti pa laini yaphokoso mukanaona 28.8 kapena kutsikirapo. Chimene mungachite n'kuika liwiro la doko pa 115200 bps ndi kuyatsa RTS/CTS (njira yowongolera kayendedwe ka deta pa chingwe), kuti deta imene modemu yapanikiza isachedwe pakati pa modemu ndi seva. Za foni yosayankhidwayo, yesani kutumiza ku modemu lamulo la ATS0=1 kenako AT&W lolisungira, kuti modemu izidziyankhira yokha ikangoitana kamodzi.

Woyankha wachiwiri:
Za liwirozo ndikugwirizana nazo, koma pa ATS0=1 ndikupempha kuti ndisiyane nanu pang'ono. Langizo limenelo ndi loyenera pamene palibe pulogalamu yoyang'anira doko, koma mgetty imadikira mawu akuti RING kuchokera ku modemu, kenako imatumiza yokha ATA kuti iyankhe. Modemu ikayamba kudziyankhira, ziwirizi zimalimbirana foni imodzi, ndipo zimachitika kuti ATA ikafika modemu ili mkati mokambirana ndi inzake, foniyo imaduka. Siyani S0 pa 0. Chofunika n'kutsegula logi ya mgetty ya doko lililonse ndi kuona ngati mawu akuti RING akulembedwa panthawi imene munthu akuimba. Ngati sakulembedwa, mwina mgetty sikuyenda pa doko limenelo, kapena chingwe chili ndi vuto.

Vuto lenileni ndi lachiwirilo, losafika pa makompyuta ena. PPP imangolumikiza makina awiri, woimbayo ndi seva basi, ndiye kompyuta ina ya mu netiweki ikafunsa kudzera pa ARP (njira imene makompyuta amafunsirana za maadiresi) kuti adiresi ya woimbayo ili ndi ndani, palibe amene amayankha. Lembani mawu akuti proxyarp mu /etc/ppp/options kuti seva iziyankha m'malo mwake, ndipo onetsetsani kuti net.ipv4.ip_forward ili pa 1, chifukwa popanda zimenezi seva imalandira mapaketi koma siwapititsa patsogolo. Adiresi imene mukupatsa woimbayo iyenera kukhala ya mu subnet (gulu la maadiresi a netiweki yanu) yomweyo, koma kunja kwa gawo limene DHCP, yopatsa makompyuta maadiresi yokha, imagawa. Mwachitsanzo, mu options.ttyS0 mungalembe 192.168.1.1:192.168.1.201, ndipo mu options.ttyS1 nambala yomaliza ikhale 202. Musaiwale ms-dns, imene imauza woimbayo seva yomasulira mayina, apo ayi anzanuwo azifika pa makompyuta ndi manambala okha, osati ndi mayina.

Chinanso chimene simunafunse: ngati mukutsimikizira anthu ndi PAP, dziwani kuti mawu achinsinsi amayenda osabisidwa. CHAP, njira ina yotsimikizira anthu, ndi yabwinoko, ngakhale ikufuna kuti muzisamalira fayilo ya chap-secrets.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Nditaika proxyarp ndi kuyatsa ip_forward, mnzathu mmodzi waimba ndipo wafika pa kompyuta yosungira mafayilo popanda chovuta. Za 678 ndapeza kuti mu inittab, fayilo yoyambitsira mapulogalamu pa seva, mzere wa ttyS1 ndinalemba once m'malo mwa respawn, motero munthu woyamba akadula foni, mgetty sinkayambanso pa doko limenelo, ndipo aliyense woimba nambala yachiwiriyo ankangomva kuitana mpaka seva itayatsidwanso. Ndakonza, ndipo ndaimba kanayi motsatizana, yayankha ulendo uliwonse. Tsopano ndasamukira ku CHAP, koma kompyuta imodzi ikuonetsa error 691, yosonyeza kuti dzina kapena mawu achinsinsi akanidwa, pomwe zinazo zikulowa bwinobwino, choncho ndikuyamba ndi kuona ngati dzina lili mu chap-secrets likufanana ndendende ndi limene Windows ikutumiza.