Nkhani ya Red Bull ndi malire a ndalama mu F1, tandithandizeni

Anzanga okonda Formula 1, ndabwera kwa inu chifukwa Lamulungu lapitali ndinakangana ndi alamu anga mpaka nsima kuzizira m'mbale. Nkhani yake ndi ya Red Bull ija, ya 2021.

Chaka chimenecho FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto, inalamula kuti timu isawononge ndalama zoposa madola 145 miliyoni, kupatulapo malipiro a madalaivala ndi a mabwana atatu olandira zambiri. Mu October 2022 zinadziwika kuti Red Bull inapyola malirewo ndi mapaundi pafupifupi 1.86 miliyoni. Anailipitsa madola 7 miliyoni, n'kuidulanso 10 peresenti ya nthawi yoyesera galimoto mu wind tunnel (chipinda chopemerera mphepo pa galimoto pofuna kuona mmene ikudulira mpweya). Aston Martin, imene inangosokoneza mapepala, inalipira madola 450,000.

Alamu akuti chilangocho chinakwana, ati zina mwa ndalamazo zinathera pa chakudya cha antchito, osati pa galimoto. Ine zimenezo sizikundilowa m'mutu. Ndalama ndi ndalama basi: ukaiwala kuwerengera za kukhitchini, ndiye kuti za mapiko a galimoto zatsala zambiri. Komanso Verstappen, dalaivala wa Red Bull, anapeza ukatswiri wa 2021 pa mpikisano womaliza weniweni ku Abu Dhabi, kenako mu 2023 timu yomweyo n'kupambana mipikisano 21 mwa 22. Kupweteka kwa chilangocho kunali pati?

Odziwa malamulowa tandiuzeni: madola 7 miliyoniwo amachotsedwa pa bajeti ya chaka chotsatira, kapena kampani imangotapa kwina? Nanga n'chifukwa chiyani sanawalande mapointi? Alamu akubweranso Loweruka, ndikufuna andipeze ndili ndi yankho.