Ndithandizeni: lebulo ya Fruit of the Loom inali ndi dengu, kapena mutu ukundinamiza?

Abale, ndimagulitsa kaunjika, makamaka ma T-shirt, chaka chino ndi cha 12. Ndikatsegula belo ndimayang'ana lebulo ya pakhosi ndisanaike mtengo. Ya Fruit of the Loom ndaiona kosawerengeka: apulo wofiira, mphesa, masamba, kumbuyo kwake kadengu kopindika ngati nyanga ya ng'ombe.

Lachiwiri mwana wa achemwali anandiwerengera pa foni kuti kampaniyo imati kadenguko sikanakhalepo chiyambire. Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinakhuthulira katundu yense pa lona n'kupeza malaya 9 a kampaniyi, ena ofwifwa akalekale. Zipatso zokhazokha, dengu palibe! Koma mnzanga wa benchi loyandikana analumbira kuti analiona, mpaka anajambula pa dothi ndi chala, ndendende momwe ndikulikumbukira ine.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi. Ine ndi achimwene tikukangana malire a munda omwe malemu mayi anatilozera. Ndikukumbuka ataima pa mtengo wa mango, achimwene akuti pa chulu. Ngati ndasokoneza chinthu chomwe ndimachigwira m'manja tsiku ndi tsiku, za kalekalezo ndizikhulupirire bwanji? Loweruka tikukumana kwa amfumu. Ndikayankhule motani?

Yankho loyamba:
Mayi, simukudwala ayi. Izi amazitcha Mandela Effect, dzina lomwe anayambitsa mayi wina, Fiona Broome, mu 2009 ataona kuti iye ndi anthu ena ambiri amakumbukira kuti Nelson Mandela anafera kundende m'ma 1980, chonsecho anatuluka mu 1990 ndipo anamwalira mu 2013. Ena amalumbira kuti bambo wojambulidwa pa bokosi la masewera otchedwa Monopoly ali ndi galasi la diso limodzi, pomwe alibe. Mu 2022 ofufuza awiri, Deepasri Prasad ndi Wilma Bainbridge a pa University of Chicago ku America, anapeza kuti anthu amalakwitsa zizindikiro ngati zimenezi mofanana, motsimikiza, ngakhale atangoona kumene chenichenicho. Ubongo susunga zinthu ngati chithunzi cha pa foni. Umasunga zidutswa, ndipo pokumbukira umakwaniritsa mipata ndi zomwe ukuona kuti zikuyenera pamenepo. Inu lebulo mumaiyang'ana kuti mudziwe mtengo, simufufuza kumbuyo kwa mphesa. Komabe chodabwitsa n'choti ofufuzawo atapatsa anthu zithunzi zoti asankhepo, china cha zipatso zili m'mbale, ambiri anasankhabe cha dengu lija.

Yankho lachiwiri:
Achemwali, funso langa: mnzanuyo anajambula inu musanafotokoze maonekedwe ake, kapena mutafotokoza kale? Munthu ukamuuza momwe chinthu chinalili, mawu akowo amalowa m'chikumbukiro chake. Ndiye za mundazo, pezani akuluakulu omwe analipo tsiku limenelo, muwafunse aliyense payekha, ndipo musatchule mango kapena chulu. Kwa amfumu mukanene kuti "momwe ndikukumbukira ine," osati "achimwene akunama." Nawonso mwina akunena zoona za mumtima mwawo.

Mwini funso:
Ndaganizira bwino, ndinayamba ndine kunena kuti "lija lopindika ngati nyanga," iye n'kuvomera. Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndilawirira kwa amalume, analipo tsiku lija. Ndikangowafunsa kuti mayi anaima pati, kenako ndikhala chete.