Thandizeni: zida za mu microwave yakufa zingagwire pa makina ofungatira mazira?

Abale pa gulu pano, makamaka amisiri a zamagetsi, ndigawireni nzeru. Ndikupanga makina ofungatira mazira a nkhuku za mikolongwe m'firiji yakale yomwe compressor yake inapsa. Chitseko chimatseka bwinobwino, ndiye kutentha sikuthawa. Ndatolanso microwave yakufa, simbi yamagetsi ndi fani ya 12V ya mu kompyuta.

Chandivuta ndi kutembenuza mazira, chifukwa masana ndimakhala ku ntchito. Kamota kaja kamazungulitsa mbale mu microwave kangathe ntchito imeneyi? Nanga thermostat ya simbi, kachipangizo kowongolera kutentha, ingasunge madigiri 37.5 ofunika pa mazira? Mnzanga akutinso transformer ya mu microwave, chida chosintha mphamvu ya magetsi, ndisataye. Microwave sindinaitsegule, ndikudikira mawu anu.

Mmisiri wa ku Ndirande: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanamasule. M'katimo muli capacitor yachitsulo pafupi ndi transformer. Imatha kusunga moto wa mavoti oposa 2,000 ngakhale pulagi mutazula kale. Zambiri zili ndi resistor yochotsa motowo pang'onopang'ono, koma ikafa simungadziwe poyang'ana. Pitani nayo kwa okonza ma microwave akuchotsereni moto inu mukuona. Transformer ija musailumikize ku magetsi poyesa, imatulutsa mavoti pafupifupi 2,000 ndipo imapha munthu pomwepo. Kagulitseni kwa ogula kopa. Magnetron, chida chotulutsa mafunde otenthetsa chakudya, nayonso isiyeni, musaiphwanye pofuna maginito. Zotenga ndi kamota ka mbale, fani, ndi timaswitchi ta pachitseko.

Mayi woweta zinziri: Za simbi iwalani bambo. Thermostat yake inapangidwira kutentha kositira zovala, imakwera ndi kutsika kwambiri, pomwe dzira likangofika madigiri 40 n'kukhalitsa, mwanapiye amafera momwemo. Gulani W1209, kabolodi ka 12V kowongolera kutentha kobwera ndi sensa yake. Musaiwale kabeseni ka madzi pansi, ndipo boolani timabowo ta mpweya pachitseko, osati m'mbali momwe mungadutse mapaipi a gasi.

Mmisiri wa ku Ndirande: Pa kamota, werengani kaye zolembedwa kumsana kwake. Ambiri ndi a 220 mpaka 240V, koma alipo a 21V kapena 30V, amenewo mukawapatsa moto wa pakhoma apsa. Amazungulira ka 5 kapena 6 pa mphindi, ndiye sangamangoyenda tsiku lonse. Ikani timer kuti kaziyaka masekondi ochepa pakatha maola awiri kapena atatu, kazipendeketsa thireyi uku ndi uku. Dziwaninso kuti ambiri amanyamukira mbali iliyonse yomwe afuna. Mangani kamkono kokankha thireyi koti kazigwira ntchito mbali zonse.

M'bale wa ku Karonga: Nanga magetsi akazima? Kamota kameneko n'ka AC, magetsi a mtundu wa pakhoma, osati a batire. Ine ndikanati zonse zikhale za 12V: mota ya wiper ya galimoto, mababu a galimoto a 21W otenthetsera, batire ndi sola. Masiku 21 ndi ambiri kudalira moto wa pakhoma wokha.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Microwave ndipita nayo kwa amisiri Loweruka, simbi ndaisiya. Inu a ku Karonga, mota ya wiper siithamanga kwambiri mpaka kuswa mazira? Mumaichepetsa bwanji liwiro? Komanso tsiku la 18 posiya kutembenuza, mazira mumawachotsa pa thireyi n'kuwagoneka pansi kapena mumangozimitsa mota?