Vinyo wakhala masabata atatu m'stoo ya malata, kodi wawonongeka?

Wa ku Chilomoni:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali makatoni atatu a vinyo wa ku South Africa, mabotolo 18, wofiira ndi woyera, oti tidzamwe pa ukwati mu Disembala. Akhala masabata atatu m'stoo ya malata yopanda siling'i, ndipo dzuwa la Okutobala lino mukulidziwa. Ndingadziwe bwanji ngati wawonongeka popanda kutsegula onse? Nanga ndiwasunge pati?

Wa ku Namiwawa:
Achimwene, achotseni m'stoomo lero lomwe. Vinyo amasungika bwino pa madigiri 12 mpaka 15. Kutentha kukapitirira 25 amakalamba msanga, kukadutsa 30 kwa masiku angapo amayamba kupsa. Pansi pa malata masana pamatentha kuposa panja.

Yang'anani botolo lililonse. Vinyo akatentha amafufuma n'kukankha cork, chotsekera cha khungwa la mtengo chomwe chimalowa pamlomo pa botolo. Ndiye sisitani chala pamwamba pa chotsekera: ngati chatukuka kuposa mlomo wa botolo, zinthu sizili bwino. Onaninso ngati pakhosi pali pomata kapena mzere wofiira wouma, komanso yerekezani mabotolo a katoni imodzi. Lomwe vinyo wake watsika kuposa anzake ndiye kuti linadontha.

Choopsa kwambiri ndi kusinthasintha. Masana afufuma, usiku abwerera, ndipo pobwererapo amakoka mpweya wa panja kudzera m'mbali mwa cork. Mpweyawo ndi umene umapha kukoma. Mabotolo odontha aikeni padera, amwedwe sabata ino, sangafike Disembala ali bwino.

Wa ku Limbe:
Zimene anena a ku Namiwawa n'zoona, koma ambiri mwa mabotolo a ku South Africa a mtengo wapakati ndi a chotsekera chachitsulo chopotokola. Amenewo satukuka, ndiye botolo limatha kuoneka labwinobwino vinyo atapsa kale. Njira ndi imodzi: tsegulani botolo limodzi pa katoni iliyonse, makamaka katoni yomwe inali pamwamba kufupi ndi malata.

Thirani m'tambula yoyera, yang'anirani pa pepala loyera. Woyera akafika pa chikasu chodera ngati tiyi wopanda mkaka, wapita. Wofiira amachita mtundu wa njerwa m'mphepete. Fungo limakhala la jamu kapena zipatso zophika, ndipo m'kamwa amamveka wopanda kukoma, mowa wokha n'kumawotcha kukhosi. Woyera ndi rosé (wa mtundu wa pinki) ndi amene amafulumira kugonja. Wopsa sadwalitsa, mutha kuphikira nyama, koma kumuziziritsa sikubweza kukoma komwe kwatayika.

Kumbukiraninso kuti zambiri zochokera ku Johannesburg zimabwera pa lole kudzera ku Tete n'kulowera pa Mwanza, ndipo Tete ndi ng'anjo. Pogula mtsogolo muziyamba mwayang'ana zotsekera mu shopu momwemo.

Wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri. Awiri apezeka omata pakhosi. Otsalawo ndingaike mufiliji?

Wa ku Namiwawa:
Kwa miyezi iwiri filiji ilibe vuto, kuzizira kwa madigiri 4 sikuwononga vinyo. Mufiriza ayi, botolo limasweka kapena kukankha chotsekera. Mukadzaona timibulu tonga shuga pansi pa botolo la woyera musade nkhawa, ndi mchere wa mphesa zomwezo. Magetsi akazima musamatseguletsegule chitseko.

Malo akachepa, woyera alowe mufiliji, wofiira akhale m'makatoni ake pansi, pa simenti, m'chipinda chapakati chosawombedwa dzuwa lamadzulo, kutali ndi khitchini, mbaula ndi kuseri kwa filiji komwe kumatuluka mpweya wotentha. Cooler box yopanda ayezi imathandizanso, chifukwa imachepetsa kusinthasintha kuja. Mabotolo a cork muwagoneke cham'mbali kuti cork isaume.

Tsiku la ukwati musawasiye m'buti ya galimoto pa tchalitchi. Apite ku holo m'mawa, akaikidwe pamthunzi.