Kodi ntchito imamuchulukira bwanji woongolera ndege pamene ndege zili zochepa?

Wokonda Ndege:
Akuluakulu, funso langa likukhudza ngozi ya pa 1 July 2002, pamene ndege ziwiri zinawombana mumlengalenga pafupi ndi tawuni ya Überlingen ku Germany n'kupha anthu 71. Ambiri amati woongolera ndege (munthu wa pansi amene amauza oyendetsa ndege njira pa wailesi) amene ankayang'anira dera limenelo ali ku Zurich m'dziko la Switzerland anachulukidwa ntchito, komatu unali usiku ndipo ndege zinali zochepa. Nanga zinatheka bwanji kuti asaone ndege ziwirizo zikuyandikana?

Mkulu wa Pabwalo:
Bambo, kulemera kwa ntchito imeneyi sikuyesedwa ndi chiwerengero cha ndege chokha, koma ndi kuchuluka kwa zinthu zimene zikulimbirana maso ndi maganizo a munthu mmodzi panthawi imodzi. Lamulo limati ndege zimene zili m'mwamba chonchi zizitalikirana mafiti 1,000 ina pamwamba pa inzake, kapena makilomita oposa 9 ngati zili pamsinkhu umodzi. Usiku umenewo ndege ya ku Russia ya Bashkirian Airlines yochokera ku Moscow kupita ku Barcelona, imene inanyamula ana asukulu ambiri a mumzinda wa Ufa, ndi ndege ya katundu ya DHL yopita ku Brussels, zonse zinali pa mafiti 36,000.

Woongolera wa ku Zurich uja, Peter Nielsen, anatsala yekha chifukwa mnzake anapita kukapuma, zimene akuluakulu a Skyguide, kampani yoongolera ndege imene ankaigwirira ntchito, ankazidziwa n'kumazilekerera. Choncho ankayang'anira makompyuta a malo awiri, n'kumasuntha uku ndi uku. Pamwamba pa izo, amisiri ankakonza makina, moti chizindikiro chochenjeza pa rada kuti ndege zatsala pang'ono kuyandikana sichinkaoneka, ndipo matelefoni sankagwira. Ndiye kunabwera ndege ina yochedwa yofuna kutera ku Friedrichshafen, pafupi ndi Überlingen, ndipo iye anataya nthawi yambiri akuyesayesa kuimbira bwalo la kumeneko. Woongolera wina ku Karlsruhe m'dziko la Germany anaiona ngoziyo ikubwera, anayesa kuimba foni ku Zurich, koma osalowa. Pamene Nielsen ankauza ndege ya ku Russia kuti itsike, n'kuti patatsala nthawi yosakwana mphindi imodzi.

Mayi wa ku Chileka:
Ndikugwirizana nanu, akulu, koma tisaike nkhani yonse pa Zurich. Ndege zonse ziwiri zinali ndi TCAS, makina amene amalankhulana pakati pa ndege n'kulamula imodzi kukwera, inayo kutsika. Makinawo anauza ndege ya DHL kuti itsike ndipo ya ku Russia ikwere, koma oyendetsa a ku Russia anamvera mawu a woongolera, motero zonse ziwiri zinatsikira pamodzi. Nielsen anawasokonezanso powauza kuti ndege inayo ili kumanja kwawo pamene inali kumanzere. Chimene chimandipweteka n'chakuti mu January 2001 ndege ziwiri za Japan Airlines zinangotsala pang'ono kuwombana pa chifukwa chofanana, woongolera atasokoneza manambala a ndegezo, koma malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, anadzamveketsedwa bwino anthu atafa kale ku Überlingen. Lero woyendetsa ndege amaphunzitsidwa kumvera TCAS ngakhale woongolera atanena zosiyana.

Mkulu wa Pabwalo:
Mwanena zoona, mayi, ngakhale kuti TCAS ndi chitetezo chomaliza, ndipo ikayamba kulamula ndiye kuti ntchito ya pansi yalephera kale. Nchifukwa chake lipoti la ofufuza a ku Germany la mu 2004 linadzudzula kwambiri mmene Skyguide inkagawira ntchito usiku, ndipo mu 2007 khoti la ku Bülach m'dziko la Switzerland linapeza anthu anayi a kampaniyo olakwa pamlandu wopha anthu chifukwa chosasamala. Nielsen sanaone chigamulocho, pakuti anaphedwa mu February 2004 ndi Vitaly Kaloyev, amene mkazi wake ndi ana ake awiri anafera m'ndege ya ku Russia ija.