Lupus ndi kutupa kwa mitsempha ya m'diso

Mlongo wa ku Zomba:
Mng'ono wanga amadwala lupus, ndipo posachedwapa diso lake lamanzere layamba kuona mwachimbuuzi komanso timadontho takuda toyandama, ngakhale kuti silikupweteka. Adokotala a maso anena kuti mitsempha ya magazi ya pa retina, kachikopa ka m'kati kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala, yatupa. Kodi matenda amene ife timawadziwa ndi zidzolo za kumaso ndi kuphwanya kwa mfundo afika bwanji m'diso? Kapena ndi mankhwala a lupus a hydroxychloroquine amene amamwawa?

Namwino wa maso:
Pepani mayi. Lupus imachititsa kuti chitetezo cha m'thupi chiziukira thupi lomwelo, ndipo timitsempha ta magazi timakhudzidwa kulikonse kumene tili. Tikatupa pa retina, timadontha magazi kapena kutsekeka, ndipo mbali imene yasowa magazi imaleka kuona. Chimene ine ndimachiona kukhala chachikulu n'chakuti vuto la m'disoli kawirikawiri limasonyeza kuti matendawo ayaka m'thupi lonse, makamaka mu impso ndi mu ubongo. Choncho mng'ono wanuyo ayezedwe mkodzo ndi BP, komanso magazi ofufuza ma antiphospholipid antibodies, amene amachititsa kuti magazi aziundana m'mitsempha.

Hydroxychloroquine amawononga retina mwanjira ina, pang'onopang'ono, nthawi zambiri munthu atamwa zaka zoposa 5 kapena mlingo woposa mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku. Satupitsa mitsempha, ndipo asawasiye popanda kuuzidwa ndi dokotala.

Bambo wa ku Lilongwe:
Ndiwonjezerepo kuti kwathu kuno madokotala amayamba atsimikiza kuti si TB, chindoko kapena kachilombo ka CMV, kamene kamagwira maso a anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri ndi HIV. Matenda onsewa amatha kutupitsa mitsempha mofananamo, ndipo prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, akaperekedwa yekha pamene pali tizilombo, diso limaipiraipira. Musadabwe akamuyeza zimenezi.

Namwino wa maso:
Mwanena zoona, bambo. Zikatsimikizika kuti ndi lupus, amapereka prednisolone wamphamvu, kenako mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi monga azathioprine, mycophenolate kapena cyclophosphamide. Pamene mitsempha yatsekeka, amawotcha mbali ya retina imene yasowa magazi ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kuti pasamere timitsempha tatsopano tosalimba timene timaphulika. Prednisolone womwedwa nthawi yaitali amabweretsa ng'ala ndiponso amakweza mphamvu ya madzi a m'diso, n'chifukwa chake sikelo ya maso siyenera kudumphidwa. Popeza muli ku Zomba, pemphani kalata yopita ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre sabata ino, ndipo akayeze maso onse awiri.